Tisanalote Reactor, Tiphunzire Kaye Kuwerengera Madzi a Shire

Chimvekereni kuti mgodi wa Kayelekera ku Karonga wayambanso kutulutsa yureniyamu, pali mkangano umene sukutha kuno kuchigwa. Ndaumva m'tiyirumu pa Nchalo, ndaumva m'minibasi ya ku Bangula, ndipo tsiku lina unabuka pachigayo magetsi atathima, amayi atakhalira matumba awo a mapira kudikira kuti mwina ayaka dzuwa lisanalowe. Bambo wina wa malaya osita bwino anati, "Yureniyamu ndi wathu yemwe, nanga boma likudikira chiyani osamanga malo opangira magetsi a nyukiliya? Masiku ano zonse zimayendetsedwa ndi kompyuta, munthu amangokhala pampando n'kumayang'ana." Agogo ena amene anakhala pamthunzi wa nimu anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Bambo inu, kompyuta yake yomwe ija imati netiweki palibe tikafuna kutapa ndalama?" Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, koma ine inanditsalira mumtima.

Maganizo anga ndiwanena poyera kuti wofuna kunditsutsa asavutike kuwafufuza. Dziko la Malawi lisathamangire kumanga reactor, yomwe ndi ng'anjo yopangira magetsi a nyukiliya. Chimene chimapangitsa kuti malo otere ayende bwino ndi mwambo wowerengeratu ndi kompyuta zimene zichitike maola akubwerawo, kenako n'kumvera zimene mawerengerowo anena ngakhale zisakomere akuluakulu. Mwambo umenewo ndi umene tiyenera kubwereka kwa eni nyukiliya lero lomwe, n'kuuyesa pa mtsinje wa Shire umene wakhala ukutipatsa magetsi kuyambira pamene Nkula anatsegulidwa mu 1966. Ng'anjo yakeyo ibwere pambuyo, ngati idzabwere n'komwe.

Kuti timvane, ndifotokoze kaye ntchito imene kompyuta imagwira kumeneko, chifukwa bambo aja anaikweza mopitirira ndipo agogo aja anaipeputsa. Reactor ndi ng'anjo imene kutentha kwake kumachokera ku maatomu a yureniyamu akamasweka. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi imazunguza makina, magetsi n'kutuluka. Akafuna kuchepetsa moto amalowetsa ndodo zoyamwa tinthu totchedwa ma neutron, tomwe timaswa maatomuwo, ndipo m'ma reactor ambiri amasungunulanso mankhwala otchedwa boron m'madzi kuti agwire ntchito yomweyo pang'onopang'ono. Mpaka apa zikumveka ngati kuchotsa chikuni pamoto. Vuto ndi lakuti ng'anjoyi imadzipangira yokha chinthu choitsamwitsa. Maatomu akamasweka pamatsala iodine-135, amene theka lake limasanduka mpweya wa xenon-135 pa maola 6 ndi theka alionse, ndipo xenon ameneyu amameza ma neutron modabwitsa. Moto ukakhala waukulu, xenon amapsa pamene akubadwa, zinthu n'kumayenda. Koma ukangochepetsa moto, kupsa kwake kumachepa nthawi yomweyo, pamene iodine amene anaunjikana kale akupitirizabe kubala xenon wina. Choncho xenon amachulukirachulukira kwa maola angapo, ndipo ukazimitsiratu ng'anjoyo amafika pachimake patapita maola pafupifupi 10, kenako n'kuyamba kutha yekha. Akatswiri anakumana nazo zimenezi koyamba mu 1944 ku Hanford, ku America, pamene reactor yatsopano inazima yokha n'kudzukanso yokha, anthu ophunzira kwambiri atagwira pakamwa.

Tanthauzo lake ndi lakuti chimene wachita 6 koloko madzulo n'chimene chimalamula zimene ungathe kuchita 2 koloko usiku. Amene anawotchapo uvuni wa njerwa akudziwa kuti kusonkheza kwa lero kumaonekera mawa, ndipo ukalakwitsa usiku woyamba njerwa zam'kati zimatuluka zosapsa ngakhale usonkheze bwanji pambuyo pake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'reactor zinthu zoyenera kukumbukira nthawi imodzi n'zochuluka kuposa mutu wa munthu. Pamenepa ndi pamene kompyuta imalowerapo. Imatenga miyeso yochokera m'kati mwa ng'anjo, mbiri ya mmene moto wayendera masiku apitawo ndiponso ukalamba wa mafuta ake, n'kuyankha mafunso ngati awa: tikatsitsa mphamvu ndi theka pakati pa usiku, kodi 5 koloko m'mawa tidzatha kukwezanso? Ndodo zidzakhala zili pati? Kodi pali mbali ina ya mafuta imene idzatenthe kupyola malire? Imayesa njira zingapo isanakhudzidwe ndodo ngakhale imodzi, n'kuonetsa woyendetsa njira imene ili m'malire. Pulogalamu ina yodziwika ya mtunduwu ndi BEACON ya kampani ya Westinghouse. Ku France, kumene magetsi pafupifupi magawo awiri mwa atatu amachokera ku nyukiliya, ma reactor ena amatsitsidwa ndi kukwezedwa tsiku ndi tsiku potsatira kufunika kwa magetsi, ndipo ngakhale sabata zoimitsa ng'anjo kuti asinthe mafuta, zimene zimachitika pakatha chaka kapena chaka ndi theka, zimakonzedwa kudakali nthawi yaitali.

Tsono mfundo yoyamba ya otsutsa, yomwe ndi ya bambo a pachigayo aja, ndi yakuti dziko lokumba yureniyamu siliyenera kugona mumdima. Mfundoyi ikumveka, ndipo mkwiyo umene uli pansi pake ndi wanganso, pakuti n'zowawa kuona chuma chikukwera malole kupita kunja iwe ukuyatsa kandulo. Komabe ife a kuchigwa tikudziwa kuposa wina aliyense kuti kulima thonje si kukhala ndi malaya. Thonje la ku Ngabu limafuna kuchotsedwa njere, kupotedwa, kuwombedwa ndi kusokedwa, ndipo mlimi amagula malayawo pamtengo wa wina. Yureniyamu wotuluka mumgodi amakhala ndi gawo loyaka losakwana 1 peresenti, pamene ma reactor ambiri amafuna 3 mpaka 5 peresenti, ndipo mafakitale okweza gawolo ali m'mayiko ochepa monga Russia, France, Netherlands ndi China. Namibia ndi Niger akhala akugulitsa yureniyamu kwa zaka makumi ambiri, koma palibe mwa awiriwa amene ali ndi reactor yopangira magetsi. Chachikulu kuposa apa ndi kukula kwa mawaya athu. Langizo limene akatswiri amatsatira ndi lakuti makina amodzi asapose gawo limodzi mwa magawo 10 a magetsi onse a dziko, kuti akazima mwadzidzidzi otsalawo anyamule katunduyo. Magetsi onse amene dziko lathu lingapange ali pakati pa mamegawati 500 ndi 600. Ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, kuli ma reactor awiri amene anayamba ntchito mu 1984 ndi 1985, ndipo imodzi yokha imapanga mamegawati oposa 900. Kuika makina otere pa mawaya athu kuli ngati kukweza ng'ombe pa kabaza.

Mfundo yachiwiri ndi imene ikundiopsa kwambiri, chifukwa imakoma m'khutu: kuti popeza kompyuta ndi imene imawerengera zonse, kuchepa kwa akatswiri athu si vuto. Yankho langa lili ku Chernobyl, ku Ukraine. Pa 25 Epulo 1986 ogwira ntchito pa reactor yachinayi anayamba kutsitsa mphamvu kuti ayese makina ena, motsatira dongosolo limene linakonzedwa kale. Atafika pa theka, woyang'anira kagawidwe ka magetsi ku Kiev anapempha kuti asapitirize chifukwa magetsi ankafunika, ndipo anadikira maola pafupifupi 9. Ntchitoyo inagwera gulu la usiku limene silinaikonzekere. Cha m'ma 12:28 usiku mphamvu inagwa mpaka mamegawati 30 a kutentha, pamene dongosolo linkafuna 700, xenon n'kuyamba kutsamwitsa ng'anjo. Pofuna kuidzutsa anazula ndodo zambiri kuposa zimene malamulo ankalola, ndipo 1:23 usiku wa pa 26 Epulo inaphulika. Kompyuta inalipo, dzina lake SKALA, ndipo inkatha kuwerengera kuchuluka kwa ndodo zotsala, koma yankho lake linkatenga mphindi zingapo ndipo silinkaonekera pamaso pa woyendetsa nthawi yomweyo. N'zoona kuti reactor imeneyo inali ndi zilema za kapangidwe zimene oyendetsawo sanauzidwe, ndipo lipoti la akatswiri a mayiko la 1992 linatsindika zimenezo, choncho sindikuunjika mlandu wonse pa anthu a usikuwo. Koma taonani pamene ulusi unayambira kusomphoka: foni imodzi inasintha dongosolo, ndipo panalibe amene anakhala pansi kuwerengeranso zotsatira za kusinthako.

N'chifukwa chake funso limene ndimafunsa anzanga okonda nyukiliya silikhudza kompyuta ayi. Ndimawafunsa kuti kodi injiniya wa zaka 35, ali pantchito usiku, foni yabwera kuchokera kumwamba kuti magetsi asathime chifukwa mawa kuli msonkhano waukulu, angathe kuyankha kuti "Pepani bwana, mawerengero akukana," n'kudzapezekabe pantchito Lolemba? Tili ndi lamulo la mphamvu za atomu la 2011 ndiponso bungwe loyang'anira nkhanizi la AERA, ndipo n'chiyambi chabwino. Koma mphamvu yokana bwana siilembedwa m'pulogalamu ya kompyuta iliyonse. Imakula m'malo antchito pang'onopang'ono, anthu akaona kuti wokana uja sanasamutsidwe.

Kumbali inayo kuli agogo aja, ndipo sali okha. Pali anthu ambiri, ena mwa iwo amisiri okalamba amene ndimawalemekeza, amene amati makina amanama, munthu wodziwa ntchito amamva ndi khutu kuti injini yadwala. Mbali ina akunena zoona, ndipo umboni wawo wamphamvu uli ku Three Mile Island, ku America, mu 1979. Kumeneko valavu ina inakanirira yotseguka madzi oziziritsa n'kumataika, koma nyale ya m'chipinda choyendetsera inkachititsa oyendetsa kukhulupirira kuti yatsekeka, chifukwa inkasonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa, osati kuti valavuyo yamveradi. Kompyuta ikadyetsedwa muyeso wabodza imabweza bodza lokonzedwa bwino, la manambala aukhondo, lomwe ndi loopsa kuposa bodza la pakamwa. Komabe zimenezi sizikutiphunzitsa kutaya kompyuta. Zikutiphunzitsa kuti ndalama zambiri ziyenera kupita ku zoyezera ndi kwa anthu oziyendera kuposa ku bokosi lonyezimira la mu ofesi. Eni nyukiliya anaphunzira zimenezi movutikira, ndipo lero kompyuta yokonza dongosolo imangolangiza, pamene makina ozimitsa ng'anjo pangozi amakhala paokha, osadalira iyo. Ndipo kunena za khutu la mmisiri, msodzi wa ku Elephant Marsh amaudziwa mtsinje kuposa ine ndi inu, koma amaudziwa monga mmene wakhala ukuchitira pa moyo wake. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anabweretsa madzi amene akuluakulu ambiri anati sanawaonepo. Kukumbukira kwa munthu kumathera pa zimene anaona, pamene mawerengero amatha kufunsa za madzi amene sanabwerebe.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa Shire amafanana ndi reactor kuposa mmene ambiri amaganizira. Nayenso amayankha mochedwa. Madzi amene atsegulidwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde safika ku Nkula nthawi yomweyo, ndipo madzi omwewo akazunguza makina a Nkula amakazunguzanso a Tedzani, kenako a Kapichira kuno ku Chikwawa, asanatsikire kuminda ya nzimbe, kumadimba athu ndi kudambo. Chosankha chimodzi chapamtunda chimakhudza malo atatu opangira magetsi motsatizana, chilichonse pa ola lake. Nayenso ali ndi zomutsamwitsa zake, zomwe ndi namasupuni ndi zinyalala zotseka masefa, komanso matope ochokera m'mapiri ometedwa amene amadya malo osungira madzi. Kuwonjezera apo, ngalande yaikulu ya pulojekiti yothirira ya Shire Valley, imene cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, inakonzedwa kuti izitenga madzi ake pa damu lomwelo la Kapichira. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mtsinje utatsika, dontho lililonse lidzakhala ndi eni awiri, mlimi ndi makina a magetsi. Adzagawa ndani, ndipo potengera chiyani? Ngati sipadzakhala mawerengero amene mbali zonse zingawaone n'kuwakhulupirira, adzagawa ndi amene ali ndi foni yamphamvu.

Taonanso mbali zonse ziwiri za nyanja m'zaka zochepa. Cha m'ma 2016 ndi 2017 nyanja ya Malawi inatsika, magetsi n'kumathima maola ochuluka tsiku lililonse. Mu 2024 inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, ndipo kunamveka mawu ofuna kuti zipata za ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri. Ife kuno tinangoyang'anana, chifukwa tikudziwa kumene madzi otsegulidwawo amafikira, makamaka Ruo naye akadzaza pa Chiromo. Funso lakuti titsegule madzi ochuluka bwanji lero kuti tikhale nawo chaka chamawa popanda kumiza Makhanga ndi lofanana ndendende ndi funso la woyendetsa reactor: ndikachita ichi tsopano, chidzanditsekera chiyani kutsogolo? Ndipo pamene namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, mpaka 2023. Kumeneko kunali kuyesedwa kwenikweni kwa funso lakuti timatani makina aakulu akachoka pamzere, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinakhalira miyezi imeneyo. Reactor ikanakhala pa mawaya omwewo ikanakhala pamavuto ena apadera, pakuti ngakhale itazimitsidwa imatulutsabe kutentha ndipo imafuna magetsi ochokera kunja kuti mapampu oziziritsa aziyenda. Ku Fukushima, ku Japan, mu Malichi 2011 ma reactor anazima bwinobwino chivomezi chitachitika, chimene chinawononga n'chakuti madzi anamiza majenereta.

Sindikunena kuti tikuyambira pa ziro. EGENCO ndi ESCOM ali ndi mainjiniya odziwa ntchito, ndipo pulogalamu ya Millennium Challenge imene inatha mu 2018 inasiya makina oonera mawaya a dziko lonse pamalo amodzi. Koma kuona zimene zikuchitika tsopano n'kosiyana ndi kuwerengeratu za mawa, ndipo zofunika kuwerengera zikuchulukira. Magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60, ndi a ku Golomoti, mamegawati 20, amatsika mtambo ukadutsa ndipo amatha dzuwa likalowa, nthawi imene mabanja akuyatsa. Chingwe cholumikiza Matambo ku Mozambique ndi Phombeya ku Balaka phindu lake lidzadalira luso lathu lolosera, chifukwa pamsika wa magetsi wa mayiko a kumwera kwa Africa munthu amanena lero kuti mawa ola lakutilakuti adzafuna ochuluka bwanji. Wolosera molakwa amagula modula kapena amalipira magetsi amene sanawagwiritse ntchito.

Ena amati ma reactor ang'onoang'ono amakono athetsa vuto la kukula lija. Mwina tsiku lina. Alipo kale ochepa, monga awiri a mamegawati 35 iliyonse amene ali pa chombo ku Pevek, ku Russia. Koma pulojekiti yotchuka ya NuScale ku Idaho, ku America, inathetsedwa mu Novembala 2023 mtengo utakwera, ndipo dziko losauka lisakhale loyamba kulawa ndiwo imene olemera akuinunkhiza kaye. Ndiponso xenon sasamala kuti ng'anjo ndi yaing'ono.

Mfundo yomaliza ndi imene imandivuta kuyankha, ndipo anandiuza ndi mphunzitsi wina wa sayansi wa kusekondale ina kuno. Anati, "Achimwene, nthawi zonse wosauka amauzidwa kuti dikira, sunakonzeke. Akanadikira kukonzeka, Aiguputo sakanayamba kumanga ma reactor ku El Dabaa." Ndikuvomera kuti mawu akuti "sunakonzeke" agwiritsidwa ntchito nthawi zambiri potsekereza Mwafrika. Koma zimene ndikupempha si kukhala manja lende. Bungwe la mayiko loona za mphamvu za atomu la IAEA limati dziko loyamba kumene limatenga zaka 10 mpaka 15 kuti lifike poyatsa reactor yoyamba, ndipo United Arab Emirates, ndi ndalama zake zonse zija, inalengeza mfundo zake mu 2008 n'kudzalumikiza reactor yake yoyamba ya ku Barakah ku mawaya mu 2020. Zaka zimenezo zidzadutsa ndithu, kaya tifune kaya tisafune, ndiye funso ndi lakuti tizidzaze ndi chiyani. Mwana wa ku MUST kapena ku MUBAS amene waphunzira kulemba pulogalamu yolosera madzi a Shire, kuiyerekeza ndi zimene zachitikadi, kupeza pamene yalakwa n'kuikonza, waphunzira ntchito yomweyo imene adzaifune m'chipinda choyendetsera reactor, ndipo akalakwitsa pa Shire mtengo wake ndi maola a mdima, osati mudzi wosamutsidwa kwa zaka makumi. Ndinamuuza mphunzitsiyo kuti mayeso ake ndi osavuta kuchonga, ndipo wochonga akhale mwini chigayo uja. Auzidwe Lolemba kuti Lachinayi magetsi adzathima 2 koloko masana n'kuyaka 6 koloko madzulo, iye auze amayi kuti abwere m'mawa, ndipo Lachinayi zichitikedi choncho, sabata ndi sabata, dzinja ndi chilimwe. Mphunzitsiyo anaseka n'kunena kuti mayeso amenewo ndi ovuta kuposa a Fomu 4, koma anavomera kuti ana ake ayamba kulemba m'kope maola amene magetsi athima ndi kuyaka kusukulu kwawo, kuti pofika chaka chamawa tidzakangane tili ndi manambala m'manja.